Tikiti ya sipidi ku UK: kodi inshulansi yanga ikwera bwanji?

Funso: Ndimakhala ku Leeds, ndimagwira ntchito ya care yoyendera okalamba mmanyumba mwawo. Mayeso a laisensi ya kuno ndinakhoza miyezi 14 yapitayo ngakhale kumudzi ndayendetsa galimoto zaka zambiri. Sabata yatha yabwera kalata yoti kamera inajambula galimoto yanga ikuthamanga mamailosi 38 pa ola pamalo a 30, komanso chaka chino ndalipira matikiti awiri a khonsolo, ina ya bus lane ina yoimika galimoto polakwika. Inshulansi ndikupanga renew miyezi iwiri ikubwerayi ndipo ndikulipira kale ndalama zambiri. Mnzanga wina akuti ndisawauze a inshulansi sangadziwe, wina akuti ndilembe kuti amayendetsa ndi amuna anga poti laisensi yawo ndi yakale. Nditani?

Yankho: Asisi, mfunso lanuli muli nkhani zitatu ndipo kulemera kwake sikofanana olo pang'ono. Matikiti a khonsolo aja alibe chochita ndi inshulansi, ya sipidiyo ndi kanthu kakang'ono bola muchite zinthu mu nthawi yake, koma malangizo awiri amene anzanu akupatsaniwo ndi amene angakuluzitseni laisensi, ntchito ngakhale mapepala okhalira mdziko muno. Ine ntchito yanga ndi ya inshulansi ya galimoto konkuno ku England ndie anthu akwathu amene ndawaona atalowa mmavuto aakulu, ambiri chinawapweteka ndi zimene anachita kalata itabwera, sipidi yeniyeniyo inali nkhani yochepa.

Za khonsolo tithane nazo msanga. Tikiti ya bus lane, yoimika polakwika, yoima mu yellow box, olo zija za ku London za ULEZ ndi congestion charge, ndalama zolipira poyendetsa galimoto mmadera ena a mzindawo, zonsezo zimabwera ngati Penalty Charge Notice, PCN. Imeneyo ndi ngongole chabe pakati pa inu ndi khonsolo kapena bungwe la zamayendedwe la ku London, simlandu wa polisi, ilibe mapointi a chilango, siilembedwa pa laisensi ndipo fomu ya inshulansi siifunsa. Mwalipira basi zatha. Chokha choti musamale ndi matikiti a makampani oyang'anira malo oimika galimoto pa supermarket kapena pa chipatala, amenewo mukangowanyalanyaza amatha kukutengerani ku county court nkupeza CCJ, chigamulo cha khothi choti muli ndi ngongole, pa dzina lanu, ndie CCJ imakhala zaka 6 pa mbiri yanu ya ngongole ngati simunalipire mwezi usanathe, apo ndi pamene zimafika ku inshulansi chifukwa makampani ena amafunsa za CCJ komanso kulipira mwezi ndi mwezi kuja kwenikweni ndi ngongole, amayang'ana kaye ngati mumabweza.

Tsono kalata ya sipidiyo. Imene mwalandirayo ndi Notice of Intended Prosecution, imatumizidwa kwa mwini galimoto wolembedwa ku DVLA, ofesi ya boma yoona za malaisensi ndi magalimoto, pasanathe masiku 14 chichitikire mlandu, ndipo mkati mwake muli fomu ya section 172 yofunsa funso limodzi lokha, amayendetsa ndani tsiku limenelo. Muli ndi masiku 28 oti muyankhe. Chonde yankhani sabata ino, jambulani fomuyo pa foni musanatumize, ngati akulolani kuyankha pa intaneti sungani umboni woti mwatumiza. Kusayankha ndi mlandu paokha, code yake yolembedwa pa laisensi ndi MS90, mapointi 6 ndi faindi yofika mpaka £1,000, ndipo a inshulansi MS90 amaiona moyipa kuposa sipidi chifukwa iwo sadziwa chimene munthu amabisa pokana kutchula dalaivala. Anthu akwathu ambiri amagwa apa mosadziwa, munthu wasamuka nyumba katatu chaka chimodzi, adilesi wasintha pa laisensi koma pa logbook ya V5C waiwala, makalata onse akupita ku nyumba yakale mpaka khothi kuweruza iye kulibe, amadzadzidzimuka ndalama zikudulidwa ku malipiro. Inu yakupezani, zikomo kwambiri, koma onaninso kuti V5C ili ndi adilesi yolondola.

Zolemba dzina la bambo akunyumba zija musayerekeze. Ndikudziwa mbanja zimaoneka ngati kungothandizana, iwo laisensi yawo ndi yakale mapointi atatu sawapweteka, koma lamulo la kuno limati kumeneko ndi perverting the course of justice ndipo makhothi nthawi zambiri amapereka ndende, kwa nonse awiri, wonamayo ndi wovomera kulandira mapointiwo. Chris Huhne anali nduna ya boma mdziko muno, mkazi wake wa nthawi imeneyo Vicky Pryce anamulandirira mapointi a sipidi a 2003, patapita zaka nkhani inaululika banja litatha ndipo mu 2013 onse awiri anagamulidwa miyezi 8 kundende. Ngati nduna sinapulumuke ndie ife obwera. Komanso makamera ena amajambula kutsogolo nkhope kuoneka, ndipo inuyo rota ya kuntchito ikusonyeza kuti nthawi imeneyo munali pa msewu umenewo mukupita kwa kasitomala. Mlandu wotere umatuluka pa DBS, kafukufuku wa mbiri ya milandu amene olemba ntchito amapanga, ntchito ya care yathera pomwepo, ndipo a Home Office akamaona za visa kapena zokhazikika amauwerenga. Zonsezo chifukwa cha £100.

Mukayankha kuti munali inuyo, ibwera kalata ina. Pa 38 pamalo a 30, ngati simunapangepo kosi ya sipidi zaka zitatu zapitazi, nthawi zambiri apolisi amakupatsani mwayi wosankha, speed awareness course kapena faindi ya £100 ndi mapointi atatu. Malire amene apolisi ambiri amatsata pa msewu wa 30 ndi kuyambira 35 mpaka 42, ndie inu muli mkati bwinobwino, ngakhale womaliza kugamula ndi apolisiwo. Akakupatsani mwayiwo tengani kosi osaganiza kawiri. Mtengo wake umakhala chapafupi ndi £100 yomweyo, ndi ya maola pafupifupi atatu, mutha kupanga pa kompyuta muli kunyumba, palibe mayeso, chofunika ndi kufika pa nthawi yake, kukhala ndi ID ndi kumvetsera mpaka kumapeto. Mukamaliza palibe mapointi, palibe conviction, pa laisensi palibe cholembedwa.

Kwa inuyo kosi imeneyi ndi yofunika kuposa kwa amuna anu kapena wina aliyense wa laisensi yakale, ndipo apa ndikufuna mumvetse bwino. Pali lamulo la 1995 la madalaivala atsopano limene limati ukafika mapointi 6 mzaka ziwiri zoyamba chikhozereni mayeso a kuno, DVLA imalanda laisensi, ubwerere ku provisional, ulembenso theory, upangenso practical. Zaka zimene munayendetsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre saziwerenga chifukwa laisensi ya Malawi siisinthidwa ndi ya kuno, mofanana ndi ya Zambia, pomwe anzathu a ku Zimbabwe ndi South Africa amangosinthitsa. Ndie inu pa pepala ndinu dalaivala wa miyezi 14, mwatsala ndi miyezi 10. Mukalandira mapointi atatu lero, kamera ina imodzi yokha kapena loboti imodzi yofiira yakwana kukufikitsani pa 6. Foni mmanja mukuyendetsa, olo mutaima pa loboti, ndi mapointi 6 ndi £200 kamodzinkamodzi chiyambire 2017, laisensi yapita ndi mlandu umodzi womwewo. Ndie ganizirani ntchito yoyendera makasitomala khumi pa tsiku mulibe galimoto, kwinaku mukudikira miyezi kuti mupeze tsiku la mayeso.

Kodi kosiyo muwauze a inshulansi? Yankhani chimene afunsa. Funso likati muli ndi motoring convictions kapena mapointi, ndipo inu munangopanga kosi, yankho loona ndi ayi. Koma alipo makampani ochepa amene amafunsa mwachindunji kuti munapangapo speed awareness course, amenewo muwauze eya, ndipo mwina akweza pang'ono, mukaona sizikukukomerani mupite kwa amene safunsa, ndi ambiri.

Tiyerekeze kuti kosi sanakupatseni, mwalandira SP30, code ya sipidi ya pa msewu wamba, ndi mapointi atatu. Kumudzi tinazolowera kuti ukalipira faindi pa rodiboloko nkulandira lisiti nkhani yathera pomwepo, inshulansi amayang'ana galimoto, mtundu wake ndi mtengo wake. Kuno amayang'ana munthu. Kampani iliyonse ili ndi mbiri ya ma claim a anthu miyandamiyanda ndipo imawerengera kuti gulu la anthu okhala ndi code yakuti limachita ngozi mowirikiza bwanji poyerekeza ndi amene alibe, ndie sikuti akukulangani kachiwiri, akungokuikani mgulu lina la mtengo wina. Nchifukwa chake palibe nambala imodzi yoti ndingakuuzeni kuti mapointi atatu ndi ndalama zakuti, kampani ina SP30 imodzi siisuntha nayo mtengo nkomwe chifukwa anthu okhala nayo ndi ochuluka zedi, ina imakweza pang'ono, ina makamaka ikaona laisensi yatsopano imakweza zooneka. Mmene ndaonera ine, munthu wa zaka za mma 40 wa no claims yambiri, kutanthauza zaka zambiri osapanga claim, SP30 imodzi saimva kwenikweni, amene amaimva ndi wachinyamata ndi wa laisensi yatsopano chifukwa amachulukitsa pa mtengo umene uli kale waukulu. Yachiwiri ikabwera ndi pamene zimasintha, mapointi 6 makampani ena amayamba kukana kupereka kotesheni, 9 mwatsala ndi ochepa, ndipo 12 mzaka zitatu ndi kuletsedwa kuyendetsa miyezi 6.

Code nayonso ili ndi kulemera kwake posatengera mapointi. SP30 ya msewu wamba ndi SP50 ya pa motorway ndi zopepukirapo. TS10 ya loboti yofiira ndi CU30 ya tayala lakutha zili chapakati, ndipo tayalalo atha kukupatsani mapointi atatu pa tayala lililonse, onani matayala anu poti mumayenda kwambiri. CU80 ya foni ndi CD10 yoyendetsa mosasamala ndi zolemera, IN10 yoyendetsa opanda inshulansi ndi DR10 ya mowa ndi zimene zimatseka makomo ambiri, ya mowayo imakhala pa laisensi zaka 11.

Chimene chimasokoneza anthu kwambiri ndi zaka, chifukwa pali nambala zitatu. Mapointi a sipidi amawerengedwa pofikitsa munthu pa 12 kwa zaka 3, amakhala pa laisensi zaka 4 kuchokera tsiku la mlandu, koma a inshulansi amafunsa za zaka 5 chifukwa lamulo la Rehabilitation of Offenders Act la 1974 limati endorsement, mlandu wolembedwa pa laisensi, imafufutika patatha zaka 5. Ndie mwachitsanzo mlandu wa March 2025 umasiya kuwerengedwa March 2028, umachoka pa laisensi March 2029, koma mukamagula inshulansi mpaka mu 2030 mukuyenera kuutchulabe. Anthu amayang'ana pa gov.uk chaka chachisanu nkuona laisensi yoyera ndie amayankha kuti alibe kalikonse, kumeneko ndi kulakwitsa. Zaka 5 zikakwana ndie musatchulenso, ndi ufulu wanu ndipo kampani siloledwa kukulipiritsani chifukwa cha izo. Apa ndi pamene mtengo weniweni wa tikiti umaonekera, tingoyerekeza kuti mumalipira £1,500 pa chaka ndipo akweza ndi 10 peresenti, imeneyo ndi £150, muchulukitse ndi zaka zimene muzitchula muona kuti £100 ya faindi ija inali kachigawo kochepa, ngakhale kukwezako kumanka kuchepa mlandu ukamakalamba. No claims bonus yanu yokha siikhudzidwa, imeneyo imagwa ndi claim basi, mapointi saigwetsa.

Tsono mnzanu woti sangadziwe uja. Makampani ambiri mukalemba nambala ya laisensi amafunsa okha ku DVLA kudzera pa MyLicence, mapointi amatuluka pompo. Amene sanayang'ane pogulitsa amadzayang'ana tsiku la claim, ndipo tsiku limenelo ndi limene inu mukuwafuna kwambiri. Lamulo la 2012 la Consumer Insurance limasiyanitsa zinthu ziwiri. Ngati munalakwitsa mosasamala chabe, kampani imaona kuti ikanadziwa zoona ikanatani, ikanakulipiritsani £1,000 koma munalipira £800 ndie claim yanu ilipira 80 peresenti yokha, ndipo ngati sikanakulandirani nkomwe itha kufafaniza policy nkukubwezerani ndalama zanu. Koma ngati munabisa dala, amafafaniza policy ngati sinakhalepo, claim amakana, ndalama zimene munalipira sabweza. Munthu amene mwamugunda amalipidwabe chifukwa lamulo limaikakamiza kampani, koma kenako kampaniyo itha kukutsatani inuyo kuti mubweze, ndipo munthu akavulala msana kapena mutu ndalama zake si zoti wa malipiro a care angamalize. Pamwamba pa izo pali funso lija loti kodi inshulansi yanu inayamba yafafanizidwapo, makampani ambiri limenelo saika malire a zaka, ndie chinthu choti chikanatha pa zaka 5 mwachisandutsa chokutsatani nthawi yaitali.

Nthawi yowauza, makampani ambiri amafuna kudziwa pa renew, osati pakati pa chaka, koma tsegulani policy booklet yanu muwerenge chifukwa ena amalemba kuti muwauze msanga. Inu poti renew ili pafupi pali kanthu kena, mafomu ambiri amafunsanso ngati pali mlandu umene ukudikira, pending prosecution. Ngati tsiku la renew lafika nkhaniyi isanathe, imbani foni muwafotokozere mmene zilili, lembani tsiku ndi dzina la amene mwalankhula naye. Kalata ya renew ikabwera yolembedwa kuti mulibe conviction pomwe mwalandira mapointi, kungoisiya kuti ipitirire yokha ndi chimodzimodzi kuyankha zabodza. Ndipo ngati dzina lanu lili pa inshulansi ya galimoto ya amuna anu ngati named driver, dalaivala wowonjezera, kumenekonso mapointi anu atchulidwe. Kuntchito nakonso onani contract, mabungwe ambiri a care amafuna kudziwa.

Pali chinthu simunafunse koma chikundidetsa nkhawa kuposa tikitiyo. Tengani certificate ya inshulansi yanu muone polembedwa ntchito ya galimoto. Ngati palembedwa social, domestic and pleasure ndi commuting basi, ndie kuyenda kuchoka kwa kasitomala uyu kupita kwa uyo simuli pa inshulansi, chifukwa commuting ndi kupita malo amodzi okhazikika a ntchito ndi kubwerera. Inu mukufunika business use, imene ambiri amaitchula class 1. Anthu a care ambiri sadziwa zimenezi ndipo ena amazisiya dala poopa mtengo, pomwe nthawi zambiri kuwonjezera kwake ndi kochepa. Wapolisi akakuimitsani muli mu yunifolomu masana nkuona kuti mulibe business use, umenewo ndi mlandu woyendetsa opanda inshulansi, £300, mapointi 6, galimoto atha kuitenga, ndipo kwa inu mapointi 6 mukudziwa kale tanthauzo lake. Ngati mumanyamulanso makasitomala kupita nawo ku chipatala kapena ku shopu, auzeni a inshulansi zimenezonso. Amene amapanga delivery ya zakudya madzulo, imeneyo ndi ina, imafuna hire and reward, inshulansi yonyamula katundu kapena anthu molipidwa.

Pa renew penipenipo musangovomera mtengo umene akutumizirani. Chiyambire January 2022 FCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma ndi inshulansi, inaletsa kampani kulipiritsa kasitomala wakale ndalama zambiri kuposa watsopano wofanana naye, koma zimenezo sizitanthauza kuti kampani yanu ndi yotchipa kuposa zina, makamaka poti iliyonse mapointi imawaona mosiyana. Yambani kufufuza kutatsala masabata atatu kapena anayi, mitengo imakhala yotsika kuposa kugula tsiku lomaliza. Yesani mawebusaiti oyerekeza mitengo, Confused.com, Compare the Market, MoneySuperMarket ndi GoCompare, onse, chifukwa sakhala ndi makampani ofanana, mulembe zoona zokhazokha ndipo zofanana paliponse, osamasinthasintha ntchito kapena adilesi kuti muone mtengo ukutsika pati chifukwa makompyuta awo amaona zimenezo. Mukapeza yotsika imbirani kampani yanu muwauze, nthawi zambiri amatsitsa. Ngati mungakwanitse kulipira chaka chonse kamodzi mupulumutsa chiwongola dzanja. Black box, kachipangizo koikidwa mgalimoto koona mmene mumayendetsera, imatsitsa mtengo kwa a laisensi yatsopano koma muganize kaye, imaona sipidi yanu tsiku lililonse ndipo ena amachotsera mamakisi kuyenda usiku, ndie ngati muli ndi ma call, maulendo oyendera makasitomala, a usiku funsani kaye malamulo ake, akakufafanizirani policy chifukwa cha sipidi mwabwerera ku funso lovuta lija.

Ndipo chonde samalani ndi anthu a mmagulu a WhatsApp ndi Facebook amene amati ndipatseni £300 ndikupezerani inshulansi ya theka la mtengo olo muli ndi mapointi. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Amenewo amatchedwa ghost broker, amagula policy mdzina lanu ndi zabodza, adilesi ya kumudzi kwina ku Scotland, zaka zonama, mapointi osatchula, kapena amangokupatsani certificate yopanga pa kompyuta, ndipo tsiku logwidwa wolakwa ndi inu woyendetsa. Amakonda ife obwera chifukwa amalankhula chilankhulo chathu ndipo timakhulupirira munthu wa ku tchalitchi. Broker weniweni amapezeka pa register ya FCA, ndipo galimoto yanu mutha kuiona pa webusaiti ya askMID ngati ilidi pa inshulansi, ngakhale kupezeka pamenepo sikutsimikiza kuti zimene analemba mkatimo ndi zoona, ndie pemphani mapepala onse muwerenge nokha. Mukadzasemphana ndi kampani yeniyeni pa nkhani ya claim kapena kufafaniza policy, dandaulani kwa iwo kaye, ali ndi masabata 8 oti ayankhe, zikakanika pitani kwa Financial Ombudsman Service, ndi ulere.

Za 38 ija ndikudziwa kumene imachokera, rota yoti call ina ikutha 9:30 ina ikuyamba 9:35 kutsidya kwa tauni, ndipo mtima uli pa gogo amene akudikira mankhwala. Koma mapointi amalembedwa pa laisensi yanu, a ofesi sagawana nanu. Mukaona kuti nthawi siikwana imbani ku ofesi musananyamuke, galimoto itaima injini yozima, muwauze kuti muchedwa, ndipo zikamachitika kawirikawiri lembani email kuti pakhale umboni woti nthawi yoyendera siikukwana. Misewu yambiri ya mmalokeshoni a Leeds tsopano ndi ya 20, ndipo mukadzapita ku Wales kumeneko chiyambire September 2023 misewu yambiri ya mmatauni imene inali ya 30 ndi ya 20, ndie pa miyezi 10 yatsalayi yang'anani zikwangwani, ngati galimoto yanu ili ndi speed limiter muziigwiritsa ntchito. Kalata yopereka kosi ikangofika onani tsiku lomaliza limene alemba ndipo mubuke tsiku lomwelo, malo amadzaza, ndipo mukaphonya tsikulo mwayi wa kosi umatha, zimabwerera ku mapointi kapena ku khothi.